Nkhwangwa imakhulupirira mpini

Abale anzanga a pamsika, ndili kuno ku Lifuwu, kumene mpunga ndi usipa zimapikisana fungo. Sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena muyamba mwaiseka: mipini. Inde, mipini. Ena muti kodi nkhani zatha m'dziko muno kuti munthu wamkulu adzaze tsamba lonse ndi mpini? Dekhani kaye achimwene. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu amene mumagulitsa makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi matchizulo pa Kamuzu Road, ku Malangalanga, ku Limbe ndi kwa Ndirande, mtima wanu wonse umakhala pa chitsulo. Chitsulo ndicho mumachipukuta, ndicho mumachiliza ndi msomali kuti kasitomala amve kuti n'chenicheni. Mpini mumauyesa basela. Koma akuluakulu adati nkhwangwa imakhulupirira mpini, ndipo sadaname. Chitsulo chikhale chakuthwa bwanji, ngati pamene chakumana ndi mpini pali pogwedera, chimenecho sichida chogwirira ntchito ayi. Ndi ngozi imene ikungodikira tsiku lake.

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi katundu amene amisiri osema ayamba kumufunsafunsa, makamaka aja osema pa makina ozunguza mtengo otchedwa lathe. Amisiri amenewa mumawadziwa. Ndi amene amapanga mbale zathabwa, zoikapo makandulo, tiana ta tchesi, timitondo ndi miyendo ya mabedi ndi matebulo. Ena katundu wawo amathera m'zisakasa za ziboliboli pamsewu wochoka ku Salima kupita ku Senga Bay, ena amagulitsa kwa akalipentala a kwa Mchesi. Katundu amene akumufunsayo ndi mpini wosinthasintha: mpini umodzi, zitsulo zambirimbiri. Ukatha kusema ndi chitsulo ichi, umamasula, kuchotsa, n'kulowetsamo china.

Anyamata akauona pa foni amati ndi nzeru ya azungu. Aaa! Kodi simunaonepo mmisiri wa bwato? Kuno kunyanja, ngakhalenso kumtunda, mmisiri wakale amakhala ndi chitsulo chimodzi. Akafuna kugwetsa mtengo amachilowetsa mumpini mpeni wake utaima, ndiye nkhwangwa imeneyo. Akafuna kukumba m'kati mwa chipika amachigulula, n'kuchilowetsa mpeni utagona chopingasa, basi chasanduka kasemasema, ena amati sompho. Makolo athu adadziwa kalekale kuti chitsulo ndi mpini si ukwati wa mutchalitchi, zikhoza kusiyana m'mawa n'kubwererana madzulo.

Koma pamenepa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse, ndiye tcherani khutu.

Chinsinsi cha nkhwangwa yathu chili kumchira kwa chitsulo, kuja kosongoka kolowa mumpini. Mchirawo umayamba waukulu n'kumaonda chakunsonga. Mmisiri amauotcha pamoto mpaka kufiira, n'kuboolera nawo mutu wa mpini, kotero chibowo chimatenga maonekedwe enieni a mchirawo. Tsono mukamadula mtengo, nkhonya iliyonse imakankhira chitsulo m'kati. Ntchito yomweyo ndiyo ikumangitsa. Khasu la m'munda wa mpunga n'chimodzimodzi. Mukamalima kwambiri ndi pamene likugwira kwambiri.

Pa lathe zinthu sizili choncho. Pamenepo simumenya ayi. Mtengo ndiwo ukuzungulira kubwera kwa inu, chitsulo chanu mwachigoneka pa kampanda kachitsulo kotsamirapo. Mtengo ukakhudza nsonga, umaikankhira pansi, ndiye mpini umafuna kukwera m'mwamba. Nthawi yomweyo chitsulo chimafuna kupotokola m'manja. Chikakodwa pa mfundo kapena pa mng'alu, chimatha kukokedwa n'kusololoka mumpini. Palibe nkhonya yochibwezera m'kati. Nzeru ya nkhwangwa ija, yoti ntchito imangitsa yokha, pa lathe siigwira. Pamenepo chilichonse chimene simunamange ndi manja anu chimasuka basi.

Ena simudziwa liwiro limene tikunena, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi ngati tikuwerenga za tsiku. Mbale yotambalala masentimita 30 ikamazungulira ka 600 pa mphindi, m'mphepete mwake mukuthamanga pafupifupi makilomita 34 pa ola. Ma mota ambiri amene amisiri athu amagula akale amazungulira cha m'ma 1,400 pa mphindi. Wina akangomanga lamba osachepetsa liwiro, mbale yomweyo m'mphepete mwake mukuthamanga pafupifupi makilomita 80 pa ola. Imeneyo ndi minibasi ya pamsewu wa Lilongwe, ndipo nkhope yanu ili pafupi nayo ngati apa ndi apo.

Ndinaonapo mnyamata wina kuno kunyanja, dzina ndisatchule, ali ndi chipsera kuyambira pachibwano mpaka pafupi ndi khutu. Adagula chitsulo chabwino ndithu, koma mpini adatenga wa chida china umene chibowo chake chinali chachikulu, n'kutsekamo tinsanza ndi kamtengo. Masiku awiri zinayenda. Lachitatu chitsulo chidakodwa m'mbale ya mlombwa n'kuuluka. Adakhala mwezi wathunthu osagwira ntchito, oda ya mbale imene adalandirira kale chikole idapita kwa wina. Amene adamugulitsa chitsulocho adati pepani. Koma paja pepani sapoletsa chilonda.

Tsono mpini wosinthasintha ndi wabwino kapena ayi? Ine ndikuti ndi wabwino, ndipo zifukwa zake zilipo.

Choyamba ndi ndalama. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chochokera kunja chidakwera ngati chili ndi mapiko. Makampani opanga zida zimenezi amagulitsanso zitsulo zopanda mipini, ndipo chitsulo chopanda mpini chimatsikirako mtengo komanso chimapepuka ponyamula. Amene mumakaoda ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam mukudziwa kuti katundu wamtali ndi wolemera ndi amene amakudyerani phindu pa basi.

Chachiwiri ndi kunola. Chitsulo chikachoka mumpini chimanoleka bwino, chifukwa palibe chimtengo chachitali chokugundani m'nthiti kapena kugunda khoma.

Chachitatu ndi akuba. Mmisiri wa m'chisakasa cha pamsewu sangasiye zida usiku. Zitsulo zisanu ndi chimodzi zopanda mipini zimakwana m'kathumba ka nsalu, n'kukwera nazo kabaza popanda wodziwa kuti mwanyamula mpamba wanu wonse.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Zovuta zake nazo zilipo. Kusintha kulikonse kumadya nthawi. Pa mbale imodzi mmisiri amasintha zida mwina kasanu, mwina kakhumi. Ngati kusintha kulikonse akufunafuna kiyi yomasulira m'utuchi, dzuwa lilowa mbale zitatu zokha. Ndipo munthu akatopa amayamba ulesi womanga, n'kumati aaa chagwira kale ichi. Pamenepo ndiye pakhomo pa chipatala.

Choncho maganizo anga ndi awa. Zitsulo ziwiri kapena zitatu zimene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, chilichonse chikhale ndi mpini wakewake, wokhomeredwa mpaka kalekale. Mpini wosinthasintha ukhale wa zitsulo zija zimene mumazikhudza mwa apo ndi apo. Ndipo mipini yosinthasinthayo ikhale iwiri, wautali ndi waufupi, osati umodzi.

Chifukwa chiyani iwiri? Mpini ndi mphamvu ya mkono wanu. Amisiri ambiri a lathe amatsata lamulo loti mbali ya chida yotsala kumbuyo kwa kampanda kotsamirapo italike pafupifupi kasanu kuposa mbali yotulukira kutsogolo. Nsonga ikatulukira masentimita 5, kumbuyo mukhale masentimita 25 kapena kuposa. Mukamakumba mbale yozama nsonga itatulukira masentimita 10, kumbuyo mufunika theka la mita, mpini wofika m'chiuno kuti thupi lonse liugwire. Koma mpini wautali chonchowo pa kamwana ka tchesi ndi chipsinjo, uli ngati kudya nsima ndi mthiko. Waufupi wa masentimita 20 mpaka 30 ndi wa tinthu tating'ono ndi miyendo ya mipando. Wautali wa masentimita 40 mpaka 50 ndi wa mbale.

Tibwere ku kamangidwe, chifukwa mipini imeneyi imasiyana pamenepo.

Mtundu woyamba ndi wa timabawuti. Kumutu kwa mpini kuli chitsulo chobooka, m'mbali mwake muli timabawuti tiwiri timene timafinya chida. Umenewu ndi wotsika mtengo, ndipo ndi umene owotcherera athu angathe kupanga. Koma onetsetsani kuti timabawutito ndi tiwiri, osati kamodzi. Kamodzi kamasiya chitsulo chikuvina. Komanso pamene bawuti akukhudza chitsulo papalidwe pang'ono ndi tupa kuti pakhale posalala, apo ayi chitsulo chobulungira chidzapotokola.

Mtundu wachiwiri ndi wofinya ngati kamwa ya dirilo. Mukapotokola mutu wa mpini, kachitsulo kong'aluka ka m'kati kamakumbatira chida mbali zonse. Umenewu umagwira bwino, suvulaza chida, koma ndi wodula, ndipo saizi iliyonse ya chida imafuna kachitsulo kakekake ka m'kati. Kampani ya Robert Sorby ya ku Sheffield ku England, mzinda wodziwika ndi zitsulo kuyambira kale, ili ndi mipini yosinthasintha imene imatchedwa Sovereign, ndipo nayonso imayendera tizitsulo ta m'kati ta masaizi osiyanasiyana. Wogula mpini wotere osafunsa za tizitsuloto wagula botolo lopanda chotsekulira.

Pa saizi ndi pamene mavenda ambiri mumaluzira makasitomala. Zida zobulungira za lathe zimabwera kawirikawiri m'masaizi a mamilimita 6, 10, 13 ndi 16, kapena m'mainchesi 1/4, 3/8, 1/2 ndi 5/8. Koma pali msampha. Pa zitsulo zokumbira mbale, a ku Britain amayeza kukula kwa ngalande ya pachitsulo, pamene a ku America amayeza kunenepa kwa chitsulo chonse. Ndiye chimene Mngelezi walemba 3/8, Mmereka amachitcha 1/2. Mukakhulupirira zolembedwa papaketi mugulitsa mpini wosakwana, mawa kasitomala abwera maso ali gwa.

Mankhwala ake ndi apafupi. Sungani masipanala atatu pa benchi lanu: ya 10, ya 13 ndi ya 16. Lowetsani chitsulo kukamwa kwa sipanala. Imene yakwana bwinobwino ndiyo saizi yake yeniyeni, kaya papaketi alemba chiyani. Sipanala siinama, siidziwa Chingelezi.

Amene mulibe ndalama ya katundu wakunja musadandaule. Mpini wabwino ukhoza kupangidwa pa Salima pompano. Paipi ya madzi yachitsulo, ija timaitcha ya hafu inchi, m'kati mwake ndi motambalala pafupifupi mamilimita 16, osati 13 monga dzina likunenera. Choncho imakwana chitsulo cha 16. Cha 13 chimagwedera m'menemo, ndipo chimafuna kapaipi kena kakang'ono kovekera, kobooledwa kuti mabawuti adutse. Owotcherera abowole malo awiri, awotcherere manati, alowetse mabawuti aafupi kuti asakukandeni m'manja. Kunja kulungani ndi malegeni a chubu cha njinga. Malegeniwo si okongoletsa. Amachepetsa kunjenjemera, amaletsa kuterera manja akachita thukuta, komanso amakutetezani mu October, pamene chitsulo chosiyidwa padzuwa la ku Salima chimatha kukazinga dzira.

Chida chilowe mumpini masentimita 5 kapena kuposa. Chikangolowa kansonga kokha, musayatse makina.

Ndipo kuno kunyanja tili ndi mdani wina amene a ku Lilongwe samuganizira kwambiri: chinyontho. Bawuti wosiyidwa osapaka mafuta m'dzinja, pofika Epulo wachita dzimbiri, sakumasuka kapena sakumanga. Kadontho ka oyilo wa injini sabata iliyonse kamakwanira. Mukaweruka masulani chida, musachisiye chigonere mumpini.

Pali zitsulo zina zimene siziyenera kulowa mumpini wosinthasintha ngakhale pang'ono. Choyamba ndi chija chokhala ndi mchira wopyapyala wosongoka ngati wa tupa. Mchira wotere sukhazikika m'chibowo chobulungira, umafuna mpini wa mtengo wakewake. Pa zimenezi pali china chachikulu chokhala ngati ngalande yotambalala, chosendera mtengo wa mbali zinayi kuti ubulungire. Chimenecho ndi cha miyendo ya matebulo basi. Pa mbale ayi, chifukwa mchira wake umapindika kapena kuthyoka. Opanga ake omwe amachenjeza zimenezi. Chachiwiri ndi tupa wakutha amene ena amamunola kuti asanduke chosemera. Chitsulo cha tupa n'cholimba koma chosapirira, sichipindika, chimangosweka ngati galasi. Bola sipuling'i ya galimoto yosulidwa ndi munthu wodziwa chipala.

Tsono tikambe za mtengo, poti ambiri a inu mumagulitsa mipini ya mtengo, ndipo mpini wa mtengo sudzatha ntchito.

Mpini wa khasu ndi nkhwangwa umafuna mutu wochokera pamene nthambi yakumana ndi thunthu, kapena kutsinde. Pamenepo mitsempha ya mtengo imalukana, ndiye siing'aluka mchira ukamalowa. Wina akakubweretserani mipini yosemedwa kuchokera ku thabwa lowongoka n'kungosiyako chimutu kuti ioneke ngati yeniyeni, musaode. Idzang'aluka mlimi asanamalize ndime, ndipo wotukwanidwa ndinu, osati wosemayo.

Mpini wa pa lathe ndi wosiyana. Umenewu umafuna mtengo wowongoka, wopanda mfundo, mitsempha yake yoyenda kuchokera uku mpaka uko osathawira m'mbali. Kumutu kwake kukhale mphete yachitsulo, kaya yodulidwa ku paipi, kaya ku felemu ya njinga yakutha. Mphete imeneyo ndiyo imaletsa mpini kung'aluka chida chikakodwa. Chibowo chibooledwe ndi dirilo ya saizi ya chidacho, osati kuotcha, chifukwa makala a m'kati amanyenyeka pakapita nthawi chida n'kuyamba kugwedera. Ndipo musakhomere chitsulo chachikulu m'chibowo chaching'ono ndi hamala. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mitengo yake ndi iti? Naphini dzina lake lomwe likunena ntchito yake, makolo adamudziwa kuti ndi wa mipini. Gwafa nayenso ndi wolimba ndi wopirira, ndipo ali kuseri kwa nyumba zambiri. Masau ndi bulugamu wokhwima zimathandiza. Malaina ndi wopepuka ndi wofewa, asiyireni a zitseko. Mlambe ndiye musayerekeze, m'kati mwake ndi chinkhupule.

Chachikulu pa zonse, mtengowo ukhale wouma. Mpini wosemedwa wauwisi umagwira bwino tsiku logula, koma ukamauma umafwapa, mphete imamasuka, chitsulo chimayamba kulira kwekwe. Mavenda ena, sindikutchula msika, amaviika mipini m'madzi usiku kuti m'mawa ioneke yogwira. Alimi nawo amachita zomwezo khasu likagwedera. Zimathandiza tsiku limodzi. Mtengo ukatupa umadzifinya wokha pachitsulo, ukauma chibowo chimatsala chachikulu kuposa kale. Kuviika ndi katapila: lero wapuma, mawa ngongole yakula.

Ouma mumauzindikira bwanji? Gundanitsani iwiri. Youma imalira ngo ngo ngo, yaiwisi imangoti phu phu. Yang'ananinso timabowo ta afumbwe ndi kaufa kogwa mukaugogoda. Ndipo chenjerani ndi vanishi. Mpini wonyezimira umakopa maso, koma vanishi amabisa ming'alu, amatereretsa m'manja ndi kutulutsa matuza. Mafuta pang'ono opaka ndi kansanza ndi okwanira.

Pali fashoni ina imene ndikufuna ndiidzudzule poyera. Amisiri ena akapeza ndalama amasema mipini yawo ndi phingo kuti anzawo aone kuti zikuyenda. Abale, phingo ndi mtengo umene umatenga zaka 70 mpaka 100 kuti ukhwime. Ndi wolemera moti umamira m'madzi. Kunja amapangira zitoliro zodula za oimba. Kuyambira mu January 2017 mitengo ya mtundu wa phingo ili pa mndandanda wa pangano la maiko lotchedwa CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe, ndipo mu 2023 mlombwa ndi mbawa nazo zidalowa. Matabwa ake satuluka m'dziko popanda chilolezo. Kuno kwathu lamulo la nkhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020, zilango zidakwera. Ndiye kachidutswa ka phingo kamene mwakapeza movomerezeka mukapange mpini? Kapangeni kanthu kamene mlendo wa ku Senga Bay atulutsire chikwama. Mpini usiyireni gwafa, amene mukadula nthambi chaka chamawa waphukanso.

Ndipo tiyeni tinene zoona, mitengo ya mipini ikutha. Amene adakula m'boma la Salima lino akudziwa kuti kale mpini sunali wogula, umangolowa patchire kuseri kwa mudzi. Lero mipini ikubwera pa njinga kuchokera kutali, makala adatha zonse. Apa ndi pamene mpini wosinthasintha ukundisangalatsa. Mipini iwiri m'malo mwa isanu ndi itatu ndi nthambi zisanu ndi imodzi zotsala kumtengo. Ndi zochepa, inde, koma tiwerenge amisiri onse kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Mua, kumene malo a KuNgoni akhala akuphunzitsa osema kuyambira 1976, muona kuti si zochepa.

Tsono inu a geni, phindu lanu lili pati pa zonsezi? Lili pa kufunsa. Munthu akabwera kudzafuna mpini, musathamangire kukulunga. Mufunseni: bambo, ndi wa chida chanji? Mwabwera nacho? Ngati sadabwere nacho, muuzeni akatenge, kapena akayeze ndi sipanala. Mutaya kasitomala mmodzi wothamanga, koma mupeza khumi okhazikika, chifukwa amisiri amauzana. M'chisakasa chimodzi mukatchuka kuti uje amagulitsa zokwana, msewu wonse ubwera kwa inu. Mukatchuka kuti mumagulitsa zouluka, ngakhale mutsitse mtengo mudzangokhala mukuingitsa ntchentche.

Gulitsaninso tinthu timene anthu amataya: timabawuti tapadera, makiyi omasulira, mphete zodula kale, malegeni. Tinthu timeneti sitidya mpamba wambiri, sitiola ngati tomato, ndipo amene wagula mpini lero adzabweranso mawa kudzafuna kiyi imene yasowa m'utuchi. Muuzeni aimangirire ndi kachingwe ku makina. Akuthokozani, koma adzaitayabe, musadandaule.

Amayi a pamsika musati nkhaniyi ndi ya abambo. Ndinu amene mumagula khasu la kumunda, nkhwangwa ya nkhuni, mpeni wotumbulira chambo. Mukamagula gwedezani chitsulo ndi dzanja pamaso pa wogulitsa. Chikasuntha ngakhale pang'ono, bwezani. Nkhwangwa ikaguluka siiyang'ana kuti kumbuyo kuli mwana.

Kwa amisiri a lathe, mawu anga omaliza ndi atatu. Musanayatse makina, kokani chida ndi mphamvu, chipotokoleni, muone ngati chagwira. Poyatsa imani pambali, osati kutsogolo kwa mbale. Ndipo tetezani nkhope, ngakhale ndi magalasi aja oonekera a owotcherera, chifukwa diso alibe sitolo yake.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene mwamva mwamva, amene muti zimenezo n'za ku Lifuwu, kwa anthu odya usipa, chabwino, koma safunsa adadya phula. Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za masikelo a mpunga, poti kumeneko nako kuli timabawuti timene anthu ena amatimasula dala.

Gulitsani bwino, tsalani bwino.